Tibwezereni wailesi yoti tiziikhulupirira

Kalata yotseguka kwa Wapampando wa Conselho Superior da Comunicação Social, Maputo

Wolemekezeka Wapampando,

Ndikulemba ndili m'mbali mwa nyanja ya Amaramba, m'boma la Mecanhelas, chigawo cha Niassa, kumene mtsinje wa Lugenda umayambira. Ndine mphunzitsi wopuma pantchito. Zimene ndalemba pano si zanga ndekha. Tazikambirana ndi asodzi kudooko, amayi ogulitsa matemba ndi milamba youma, akuluakulu a m'matchalitchi ndi m'mizikiti, komanso anyamata amene amatchaja mafoni a anthu pa sola.

Tinayamba ndi njira yachete, monga mwambo umafunira. Tinadandaula m'misonkhano ya m'mudzi, tinatuma mafumu, tinalembera ena mwa amene amayendetsa nkhani zimenezi kufupi ndi kwathu kuno. Ena anatilandira bwino n'kutiuza kuti nkhaniyi ndi ya akuluakulu a ku likulu. Ena sanayankhe n'komwe. N'chifukwa chake lero ndikulankhulira pabwalo, ndipo ndikupempha kuti musazitenge ngati chipongwe. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Ndasankha kulembera inu chifukwa ndime 50 ya malamulo aakulu a dziko lino inakhazikitsa bungwe lanu kuti liziteteza ufulu wa nyumba zofalitsa nkhani, ufulu wa nzika wodziwa zimene zikuchitika, ndi ufulu wa munthu woyankha akanenedwa. Ndime yomweyo imakupatsani mawu posankha ndi pochotsa akulu oyendetsa nyumba zofalitsa nkhani za boma. Ndime 48 nayo imanena kuti m'nyumba zimenezi maganizo osiyanasiyana azimveka ndi kutsutsana, ndi kuti Boma lizionetsetsa kuti sizikukondera ndipo atolankhani ake sakulamulidwa ndi andale. Sindikupempha chachilendo ayi. Madandaulo athu ndi awa.

1. Nkhani za boma ndi nkhani za chipani zasakanikirana

Pa chisankho cha pa 9 Okutobala 2024 anthu ofuna mpando wa pulezidenti analipo anayi: a Daniel Chapo a chipani cholamula cha Frelimo, a Venâncio Mondlane amene ankathandizidwa ndi Podemos, a Ossufo Momade a Renamo ndi a Lutero Simango a MDM. Mphindi zimene lamulo limapatsa aliyense kuti adzilankhulire yekha pa wailesi zinalipo, sindikukana. Koma munthu wakumudzi sadalira mphindi zimenezo, pakuti amadziwa kuti ndi kampeni, aliyense akutama katundu wake. Chimene amachitenga ngati choona ndi nkhani zowerengedwa m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo kukondera kumabisala m'menemo. Oyang'anira chisankho ochokera ku European Union ananena kuti nkhani za pa wailesi ndi kanema wa boma zinkakomera chipani cholamula ndi woimira wake.

Kukondera kwamtunduwu sikulira bodza. Wolemba nkhani akhoza kunena zoona zokhazokha koma n'kumupotoza womvera. Mtsogoleri wina amamveka ndi mawu ake enieni, wina n'kungofotokozeredwa m'chiganizo chimodzi kumapeto. Msonkhano wa uyu umatchedwa wa anthu miyandamiyanda, wa uyo n'kutchedwa wa kagulu. Mjigo kapena sukulu yomangidwa ndi ndalama za misonkho imalengezedwa ngati mphatso yochokera kwa mtsogoleri wachifundo. Oitanidwa kudzathirira ndemanga amakhala anthu atatu kapena anayi, koma onse a mtima umodzi, wina akamaliza mnzake n'kuvomereza. Dziko lino silinaiwale nkhani ya G40, mndandanda wa othirira ndemanga okomera boma umene unamveka m'nthawi ya a Armando Guebuza. Dzinalo linazilala, koma anthu akamamvera mapulogalamu a zokambirana amafunsabe kuti alendowa amawasankha ndani.

Rádio Moçambique ndi Televisão de Moçambique si za chipani. Wogula magetsi a Credelec amalipira msonkho wa wailesi osafunsidwa kuti anavotera ndani. Wa Frelimo amalipira, wa Renamo amalipira, amene sanavote nayenso amalipira. Nyumba yodyera m'thumba la onse iyenera kulankhula ndi onse mofanana.

Nyumba zimene si za boma nazonso si zoyera. Zilipo zimene zimaika mitu ya nkhani yoopseza kuti zigulidwe, ndi zina zimene zimaopa kukwiyitsa owapatsa malonda. Komabe zambiri mwa izo kuno sizifika, pamene wailesi ya boma imafika. Udindo wake ndi waukulu kuposa wa ena onse.

2. Chimene chinachitika kuno ku Mecanhelas

Usiku wa pa 18 kucha pa 19 Okutobala 2024, loya wa a Mondlane, a Elvino Dias, ndi a Paulo Guambe a Podemos anaomberedwa mpaka kufa ali m'galimoto mumzinda wa Maputo. Pa 24 Okutobala bungwe la chisankho la CNE linalengeza kuti a Chapo apeza mavoti oposa 70 pa 100 alionse. Patangopita masiku awiri, pa 26 Okutobala, mfuti za apolisi zinalira kuno ku Mecanhelas pamene otsatira Podemos ankachita zionetsero tsiku limene a Frelimo ankakondwerera kupambana, ndipo anthu anaomberedwa. Mabungwe oteteza atolankhani anadandaula kuti atolankhani amene ankajambula zimenezi analandidwa mafoni.

Bwana Wapampando, taganizani za mayi wa kuno kunyanja amene mwana wake anali atapita kuboma tsiku limenelo. Akufuna kudziwa zinthu zitatu: kwachitika chiyani, avulala ndi ndani, ndipo msewu uli bwino kapena ayi. Mtolankhani amene anali pamalopo, amene akanafunsa kuchipatala, kupolisi ndi kwa a zipani zonse ziwiri n'kufotokoza nkhani yathunthu, chida chake chatengedwa. Chotsala ndi tizidutswa ta mavidiyo toyenda pa WhatsApp, ndi mawu a wakabaza amene anamva kwa mnzake. Pofika kudooko chiwerengero cha ovulala chinali chikusintha ndi pakamwa paliponse. Wa mbali iyi ankachikweza, wa mbali iyo ankachichepetsa, ndipo panalibe liwu limodzi limene onse akanalimva n'kunena kuti, awa ndiye sanama.

Kulanda foni ya mtolankhani sikubisa nkhani. Anthu anaona ndi maso, ndipo amene anaona ali ndi abale. Chimene chimatayika ndi munthu yekhayo amene ntchito yake inali kufufuza asananene.

Atolankhani a m'maboma akutali ngati lino amagwira ntchito mwamantha, ndipo mantha awo ali ndi chifukwa. Amadziwa za a Carlos Cardoso, amene anaphedwa ku Maputo pa 22 Novembala 2000 akufufuza katangale wa kubanki. Amadziwa za a Ibraimo Mbaruco a wailesi ya m'dera ya ku Palma, amene anasowa pa 7 Epulo 2020. Amadziwa kuti maofesi a nyuzipepala ya Canal de Moçambique anatenthedwa mu Ogasiti 2020, mkati mwa likulu la dziko. Ngati zotere zimachitikira anthu odziwika, mnyamata wongodzipereka pa wailesi ya m'dera, amene amakumana ndi akuluakulu a boma pamsika tsiku ndi tsiku, angalimbe mtima bwanji? Amasankha kuwerenga mauthenga a maliro ndi kuika nyimbo. Sindimuweruza.

3. Kudula intaneti sikunathetse mabodza

Kuyambira pa 25 Okutobala 2024 intaneti ya m'mafoni inayamba kudulidwadulidwa, ndipo kumapeto kwa mwezi womwewo Facebook ndi WhatsApp zinatsekedwa kwa masiku angapo. Mwina amene analamula ankaganiza kuti akuzimitsa moto. Kuno kumalire, amene ali ndi khadi la TNM kapena Airtel ankangofunafuna pamene netiweki ya ku Malawi ikugwira, ndipo achinyamata anaphunzitsana za VPN. Amene anatsala mumdima ndi okalamba ndi osauka, ndipo iwowo anayamba kudalira zimene achinyamatawo ankawauza.

Ndinenenso izi, poti sindikulembera chipani chilichonse: mabodza ankachokera mbali zonse. Mavidiyo akale ndi a kumayiko ena ankatumizidwa ngati a dzulo. Mauthenga a mawu opanda dzina la mwini ankalengeza imfa za anthu amoyo, kapena kunena kuti asilikali ali m'njira. Otsatira a Mondlane ambiri ankatenga chilichonse chooneka pa Facebook ngati chotsimikizika, monga momwe otsatira chipani cholamula ankatengera chilichonse cha pa kanema wa boma. Pamene khoti la Conselho Constitucional linalengeza pa 23 Disembala kuti a Chapo apeza mavoti pafupifupi 65 pa 100 alionse, chiwerengero chosiyana ndi cha CNE, anthu ankafuna wina woti awafotokozere modekha kuti kusiyanaku kwabwera bwanji, mbali zonse zikufunsidwa mafunso ovuta. Kusowa kwa kufotokoza kotereku kunapatsa mpata aliyense wofuna kupeka.

Kwa ife mphekesera ya nkhondo si nkhani yocheza. Ambiri a msinkhu wanga anathawira ku Malawi pa nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo ena anaika makolo awo m'manda a kuchilendo. Munthu wotere akamva kuti kwayambanso, safufuza. Amamanga katundu, amagulitsa mbuzi pamtengo wolira, amasiya mpunga kudambo. Kumapeto kwa 2024 anthu zikwizikwi a m'chigawo cha Zambézia anawolokera ku Nsanje pothawa zipolowe. Ena ankathawa zimene anaona, ndipo m'nthawi ngati imeneyo palibe chofunika kuposa wailesi yokhoza kuuza anthu kumene kulidi zoopsa ndi kumene kuli bata, iwo n'kuikhulupirira.

4. Wailesi ikataya chikhulupiriro pa ndale, imachitayanso pa kolera

Apa ndi pamene pali mtima wa kalata yanga. Akuluakulu ena amaganiza kuti akhoza kupotoza nkhani za ndale n'kusiya nkhani za umoyo ndi zanyengo zili zoongoka, anthu n'kumasiyanitsa okha. Sizitero. Womvera amamva liwu limodzi lomwelo. Likamunamiza kapena kumubisira pa chinthu chimene iye anachiona ndi maso, mawa likamuuza kuti athire mankhwala a Certeza m'madzi akumwa amayamba wadzifunsa kuti, kodi awa akufuna kutipanga chiyani?

Kolera timaidziwa. Mliri waukulu wa ku Malawi unayambira m'boma la Machinga mu Malichi 2022, tsidya lina la nyanja ya Chiuta, ndipo unapha anthu oposa 1,700. Mu Seputembala chaka chomwecho matendawa anapezeka m'boma la Lago m'chigawo chathu chino, kenako anafalikira m'zigawo zina. M'madooko mmene asodzi amagona m'zisakasa, zimbudzi zili zochepa ndipo madzi akumwa ndi a m'nyanja momwemo, kolera imayenda msanga. Chimene chimaiimitsa ndi anthu kumvera malangizo tsiku loyamba: kuteteza madzi, kuthamangira kuchipatala, kulola kuti maliro ayendetsedwe mwa njira yotetezeka, kulandira katemera.

Koma kumpoto kwa dziko lino kwakhala mphekesera yakale yoti kolera imabwera ndi azaumoyo ndi mafumu, kuti mankhwala amene amathira m'zitsime ndiwo matendawo. Ku Nampula, ku Cabo Delgado ndi ku Zambézia anthu agumula malo ochizira kolera, atentha nyumba za atsogoleri a m'midzi, ndipo ena aphedwa chifukwa cha bodza limeneli. Pa 7 Epulo 2024 bwato la asodzi lonyamula anthu pafupifupi 130 linamira likuchokera ku Lunga, m'boma la Mossuril, kupita ku Ilha de Moçambique. Anthu pafupifupi 100 anafa, ambiri mwa iwo ana. Akuluakulu a chigawo cha Nampula ananena kuti anthuwo ankathawa chifukwa cha mantha obwera ndi nkhani zabodza zokhudza kolera. Ife a kunyanja timadziwa kuti bwato lophera nsomba limanyamula anthu angati. Mayi sakweza ana ake m'bwato lodzaza chotero pokhapokha mantha a kumtunda atapambana mantha a madzi.

Kumbukiraninso za anamapopa mu 2017. Mphekesera yoti kuli anthu opopa magazi usiku inayenda mbali zonse ziwiri za malire, ndipo ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera ena a kummwera kwa Malawi anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu a anzawo. Azaumoyo ankaopa kuyenda ndi zipangizo zawo.

Zoterezi zikachitika, akuluakulu amafulumira kunena kuti vuto ndi umbuli wa anthu akumudzi. Ndaphunzitsa ana a anthu amenewa zaka zambiri, ndipo ndikukana. Msodzi wodziwa kuwerenga mphepo ndi mitambo, mayi wosunga m'mutu ngongole za makasitomala ake onse, si mbuli. Chimene chawathera ndi chikhulupiriro. Munthu amene waona kangapo kuti mawu ochokera kumwamba sagwirizana ndi zimene akuona pansi amafika poganiza kuti chilichonse chochokera kumeneko chili ndi chobisika. Mphekesera imapeza khomo lotsegula kale.

N'chimodzimodzinso ndi machenjezo a namondwe. Freddy mu Malichi 2023 ndi Chido mu Disembala 2024 anatiphunzitsa kuti maola ochepa a chenjezo amapulumutsa moyo. Chido anabwera pakati penipeni pa mkangano wa chisankho, nthawi imene anthu ambiri anali atasiya kumvera chilichonse chonenedwa ndi boma. Chenjezo loona, lofika pa nthawi yake, silithandiza ngati womvera wazimitsa wailesi kapena akuliyesa njira yomuletsera kutuluka m'nyumba.

5. Chilankhulo ndi mtunda

Kuno timalankhula Chinyanja, Chiyao ndi Chimakuwa, ndipo ambiri, makamaka amayi ndi okalamba, Chipwitikizi sachimva mokwanira kuti atsatire mkangano wa malamulo a chisankho. Wailesi ya boma ya ku Lichinga imaulutsa m'zilankhulo zathu, ndipo pa chimenechi tikuyamikira. Koma zokambirana zozama, zimene nduna kapena phungu amafunsidwa mafunso, zambiri zimakhala m'Chipwitikizi. Nyuzipepala yosindikizidwa ndi chinthu cha ku Cuamba ndi ku Lichinga.

Choncho madzulo ambiri amatsegula MBC kapena Zodiak za ku Malawi, chifukwa zimalankhula chilankhulo cha kunyumba. Zotsatira zake n'zakuti alipo anthu kuno odziwa bwino mikangano ya ku Nyumba ya Malamulo ya ku Lilongwe kuposa zimene aphungu a Niassa akunena ku Maputo. Akamva anthu wamba akuimba foni pa wailesi ya tsidya lija n'kudzudzula nduna poitchula dzina, amafunsa chifukwa chake kwawo kuno zotere sizimveka kawirikawiri.

Ngakhale pa zamalonda mpatawu umatidya. Nyengo ya nandolo ikafika, wogula akhoza kufika m'mudzi n'kunena kuti mtengo wagwa chifukwa ku India asiya kugula, ndipo mlimi alibe poti atsimikizire. Amagulitsa. Mtengo wa pamsika wa ku Cuamba ukanamalengezedwa tsiku lililonse m'chilankhulo chake, bodza lotere silikanayenda.

Zimene tikupempha

Choyamba, bungwe lanu liziwerengera mphindi zimene chipani chilichonse ndi akuluakulu a boma akupatsidwa m'nkhani za Rádio Moçambique ndi Televisão de Moçambique, osati nthawi ya kampeni yokha koma chaka chonse, ndipo zotsatira zake zizilengezedwa poyera, m'zilankhulo zathunso. Izi ziyambe tsopano, zisankho za 2028 ndi 2029 zisanayandikire.

Chachiwiri, gwiritsani ntchito mawu amene ndime 50 imakupatsani posankha akulu oyendetsa nyumba za boma. Muzinena poyera zifukwa zimene mwavomerezera kapena kukanira munthu, kuti dziko lidziwe ngati wasankhidwa chifukwa cha luso kapena chifukwa cha khadi la chipani.

Chachitatu, fufuzani zimene zinachitikira atolankhani ku Mecanhelas pa 26 Okutobala 2024, munene zimene mwapeza, ndipo mukumbutse apolisi ndi akuluakulu a m'maboma onse kuti kulanda chida cha mtolankhani kapena kumukakamiza kufufuta zithunzi n'kuphwanya ufulu wa atolankhani umene malamulo amateteza.

Chachinayi, nenani maganizo anu poyera pa nkhani yodula intaneti. Ngati bungwe loteteza ufulu wodziwa zinthu silinena kanthu pamene dziko lonse latsekedwa makutu, anthu adzaliona ngati lovomereza.

Chachisanu, limbikitsani wailesi ya chigawo ndi mawailesi a m'madera kuti akhale ndi pulogalamu yokhazikika, m'Chinyanja, m'Chiyao ndi m'Chimakuwa, yotenga mphekesera zimene zikuyenda sabata imeneyo n'kuzifufuza, kaya zikukomera boma kaya zikukomera otsutsa. Azaumoyo, mafumu, abusa ndi mashehe aziyankha mafunso a anthu oimba foni, ndipo funso lowawa lisamadulidwe. Pulogalamu yotere ikamangotsutsa mabodza a mbali imodzi, anthu adzaizindikira sabata yoyamba ndipo idzangoonjezera vuto.

Chachisanu ndi chimodzi, thandizani mawailesi a m'madera, a Instituto de Comunicação Social ndi a m'bungwe la FORCOM omwe, kuti apeze ndalama zoyendetsera ntchito mwa njira yodziwika bwino, yosadalira chisomo cha mkulu wa boma kapena wamalonda mmodzi. Mtolankhani wopempha mafuta a njinga yamoto kwa munthu amene akukamufunsa mafunso sangamufunse momasuka.

Chomaliza, tipatseni njira yodandaulira imene munthu wa kuno angaikwanitse. Lamulo la 34/2014 limapatsa nzika ufulu wopempha ndi kulandira uthenga kuchokera ku maofesi a boma, ndipo ufulu woyankha ukanenedwa zabodza uli m'malamulo, koma msodzi wa ku Amaramba sangapite ku Maputo kukapereka kalata ya m'Chipwitikizi. Pakhale nambala ya foni kapena munthu wa bungwe lanu m'chigawo chino, wolandira madandaulo m'zilankhulo zathu ndi kuyankha m'nthawi yodziwika.

Tikupemphanso kuti mutumize nthumwi zanu ku Insaca, likulu la boma la Mecanhelas, ndi kuno kunyanja, zidzakhale pansi ndi asodzi, amayi a pamsika, achinyamata ndi atolankhani a m'dera popanda wowasankhira oti alankhule. Yankho la kalatayi liperekedwe poyera, ndipo liwerengedwe pa wailesi m'Chinyanja, m'Chiyao ndi m'Chimakuwa, kuti onse amene anandituma alimve okha.

Ndine wanu mwaulemu,

Mphunzitsi wopuma pantchito
Amaramba, boma la Mecanhelas, Niassa